Kabokosi Kotseka ka Ngaka

Padangokhala, ndipo amene mwakhala pafupi vomerani kuti tili tonse, mudzi wina wa nyama wotchedwa Poyera. Dzinali lidachokera pa mwambo umodzi umene eni mudzi ankausunga kuposa miyambo ina yonse. Aliyense wopanga chinthu, kaya ndi mono, kaya ndi chitseko cha ngalande, ankachijambula ndi khala pathanthwe la pabwalo kuti wofuna atengere. Wotengerayo ankaloledwa kusintha mmene wafunira, koma naye ankayenera kudzajambula chimene wasinthacho. Mwambo wonse udali womwewo.

Chuma chachikulu cha mudziwo chidali gudumu la madzi limene linkayendetsa chigayo. Chaka chilichonse mvula ikatha ankalimasula, n'kukangana masiku awiri, n'kulimanganso litasinthako pang'ono. Woliyang'anira adali Mai Katumbu, kapitawo wa ngalande, mayi wosachulutsa mawu.

Chimene a ku Poyera sankatha ndi kusula chitsulo. Wosula adali Ngaka wa kutsidya, mmisiri weniweni, koma wakhalidwe limodzi lovuta: akafunsidwa chimene sakufuna kuyankha ankangodzipinda, mutu m'kati, mamba kunja. Msuweni wake adali Sakhwi wa ku Poyera. Amayi a Sakhwi ndi abambo a Ngaka adali a bere limodzi, ndipo pachisuweni mawu oluma saimbirana mlandu.

Sakhwi ndiye adabweretsa nkhani ya pampu. Ngaka ankasula mapampu okweza madzi kuchoka mumtsinje, ndipo pampu iliyonse inkabwera ndi kabokosi kachitsulo kolumikiza pampuyo ku mtanda wa gudumu. Gudumu likazungulira, kabokosi n'kamene kankauza mkono wa pampu nthawi yokwera ndi yotsika. Kadali kokhomedwa ndi misomali yachitsulo mbali zonse.

"Nanga pathanthwe tijambulapo chiyani?" adafunsa Mai Katumbu tsiku lokambirana.

"Tijambulapo kabokosi, mayi," adatero Sakhwi. "Mbali zinayi ndi chivindikiro. N'kosavuta kuposa zonse zimene tidajambulapo."

Anthu adaseka, ndipo kusekako n'kumene kudagamula nkhani. Pathanthwe padajambulidwa kabokosi kopanda kanthu m'kati. Pampu idagwira ntchito chaka chathunthu, Sakhwi n'kumayenda ngati mwini madzi.

Chaka chotsatira mvula idadula msanga. Mbewu ya mpunga imene idatsala m'mudzi monse idangokwana mabedi anayi a nazale. Asanafese adamasula gudumu monga mwa nthawi zonse. Adasintha mtanda wakale umene udali utang'aluka, adawonjezera mapiko awiri, ndipo gudumu lidayamba kuyenda mopepuka ndi mofulumira. Chigayo chidakondwa. Mbande zitangotuluka, kabokosi kadalira kamodzi n'kuima.

Mudzi wonse udayamba kutunga ndi zidebe ndi zikho, koma nazale idali kutali ndi mtsinje ndipo dzuwa linkamwa madzi kuposa mbande.

"Walira mvula walira matope," adatero Mai Katumbu kwa Sakhwi. "Pita kwa msuweni wakoyo."

Sakhwi adampeza Ngaka pachipala akupopa mvukuto.

"Asuweni, mwana wanu uja wadwala."

"Mwamtani?"

"Sitidamkhudze. Tangokonza gudumu."

"Ndiye mwamkhudza. Kabokosi kaja ndidakapangira gudumu la chaka chatha. Bwezerani gudumu mmene lidalili."

"Mtanda wakale udang'aluka. Ukadatha kupha munthu."

"Zimenezo n'za kwanu."

"Tipangireni kena kogwirizana ndi gudumu latsopanoli."

"Kuti chaka chamawa musinthenso? Taona, kamphuno iwe. Bwana Mvuu wa ku esiteti ali ndi mapampu anga dambo lonse. Gudumu lake limasintha iye akanena, ndipo amandiuziratu. Inu a ku Poyera gudumu lanu lili ndi eni ake mudzi wonse. Ndizitsatira uti?"

"Mphunoyi ndi yakumtundu kwanu, musainyoze. Ngati mulibe nthawi, tangotiuzani za m'katimo. Tipanga tokha."

Ngaka adayamba kunena kuti adalumbira kwa Bwana Mvuu. Kenaka adati amisiri anzake angamubere luso. Kenaka adati a ku Poyera angadzivulaze. Mwina china mwa zifukwazi chidali choona, koma chifukwa chikakhala champhamvu sichifuna anzake awiri. Sakhwi atafunsa kuti chenicheni n'chiti, Ngaka adadzipinda, ndipo Sakhwi adatsanzikana ndi mamba.

Atabwerera adapempha kuti aphwanye kabokosiko aone m'kati. Mai Katumbu adakana.

"Chakuba sichikwera pathanthwe. Mwini wake angabwere mawa n'kudzafufuta, ife n'kubwerera pomwe tili pano. Chimene wachipeza ndi maso ako kunja kwa kabokosi, kapena chimene iye wanena ndi pakamwa pake, chimenecho n'chathu."

Choncho Sakhwi adakhala pansi ndi a Mfuko, mkulu wokumba ngalande amene maso ake adali atatha koma zala zake zinkaona. Adazunguliza kabokosi kakufako ndi manja, pang'onopang'ono, Sakhwi akuwerenga, a Mfuko akumvetsera ndi khutu pachitsulo. Adasema kabokosi kawo ka mtengo wa mlombwa, kopanda chivindikiro. Atakalumikiza, pampu idakoka madzi pang'ono, idatsokomola, n'kulavula mpweya.

Tsiku limenelo bedi loyamba lidauma.

"China chake sitikuchidziwa," adatero a Mfuko. "Mwina ziwiri. Mwina zitatu."

"Wodziwa alipo."

"Wodziwayo ukamufunsa amasanduka mwala."

Sakhwi adakanda mphuno yake kwa nthawi. "Agogo, msuweni wangayo ndidakula naye. Funso amalipirira. Chimene sapirira ndi kuona wina akuchita molakwika chinthu chimene iye amachidziwa."

Msika wa kutsidya unkachitika pakapita masiku atatu aliwonse, ndipo Ngaka adali ndi malo ake pamenepo. Sakhwi adakweza pampu ndi kabokosi ka mtengo pawilibala, adaima moyang'anizana ndi Ngaka, adaika ndowa ya madzi pansi n'kuyamba kupukusa ndi dzanja. Pampu idatsokomola. Ndipo Sakhwi adayambitsa nyimbo.

Idali nyimbo ya mizere iwiri, yoimbidwa ngati ya pamtondo. Mzere woyamba unkatamanda Ngaka kuti amisiri ena onse ndi ana pamaso pake. Wachiwiri unkadandaula kuti mwana wa mmisiri wamkuluyo wabadwa ndi chifuwa. Povomereza padalibe mawu, kudali kungotsokomola katatu motsatira pampu. Amayi ogulitsa tomato adaigwira nthawi yomweyo, ndipo posakhalitsa msika wonse unkatsokomola pamodzi.

"Ukuchita chiyani?" adafunsa Ngaka.

"Ndikukutsatsirani malonda, asuweni. Anthu aone pampu yanu ikugwira ntchito."

"Ndi kabokosi kameneko?"

"N'kofanana ndi kanu. Gudumu laling'ono la m'katimu mano asanu ndi anayi, monga mudapangira inu."

"Ndani adakuuza asanu ndi anayi?"

"N'zodziwikiratu. Mmisiri aliyense angaike asanu ndi anayi."

"Mmisiri wa mipini ya makasu, mwina. Asanu ndi awiri. Laling'ono asanu ndi awiri, lalikulu makumi awiri ndi limodzi. Chotsa chinthucho pamaso panga."

Sakhwi adapepesa kwambiri, adathokoza amayi a tomato chifukwa chomva nawo, n'kukankha wilibala yake. Madzulo asanafike manambala aja adali pathanthwe, pambali pa kabokosi kopanda kanthu kaja, ndipo pansi pake padalembedwa kuti adanena ndi Ngaka, pamsika, anthu akumva.

Adasema mano atsopano. Pampu idakoka madzi ochulukirapo, koma pakangopita kanthawi inkatsamwa. Otunga ndi zidebe adali atatopa, ndipo m'mphepete mwa bedi lachiwiri mudayamba kufiira.

Tsiku la msika lotsatira Sakhwi adabweranso. Ulendo uno sadavutike kuyambitsa nyimbo. Amayi a tomato atangoona wilibala adayamba okha, ndipo wina adawonjezera mzere wolangiza kuti mwanayo amwetsedwe mandimu.

"Ndakonza monga mudanenera," adatero Sakhwi mokweza. "Asanu ndi awiri. Koma chifuwa chidakalipo, ndiye ndaganiza kuti vuto ndi ulesi. Mkono wa pampu ukafika pamwamba ukumachedwa. Ndaufupikitsira njira kuti uzitsika msanga."

Ngaka adali atatsimikiza mumtima kuti sayankha. Adayang'ana kumbali. Adasuntha makasu amene ankagulitsa. Pampu idatsamwa, msika udatsokomola, ndipo mkono wa pampu unkagunda pansi ngati munsi mumtondo wopanda chimanga.

"Siya," adatero Ngaka. "Uwononga chikopa cha m'kati."

"Ndifulumizitsenso?"

"Uli ndi mutu kapena mphuno yokha? Mkono ukafika pamwamba uzipuma. Madzi alowe kaye. Pagudumu lalikulu la m'kabokosi pamakhala malo osalala, a mano atatu, pamene mkono umadikira. Ngakhale mwana amadziwa kuti sumeza usanatafune."

"Mano atatu," adatero Sakhwi. "Mwamva, amayi? Atatu."

"Tamva," adayankha amayi a tomato.

Apa Ngaka adayang'ana msuweni wake kwa nthawi yaitali, n'kudzipinda pang'onopang'ono.

Malo osalala aja adajambulidwa pathanthwe. Chifuwa chidatha. Madzi adakwera mpaka m'ngalande, anthu adataya zidebe, ndipo kwa theka la tsiku mudzi udapuma. Kenaka pampu idayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri, mkono wake udatentha, ndipo Mai Katumbu adaimitsa gudumu mkonowo usanathyoke. Bedi lachiwiri silidadikire msika wachitatu.

"Atsala awiri," adatero Mai Katumbu. "Akauma amenewa, chaka chamawa tikapempha mbewu ku esiteti, ndipo Bwana Mvuu sapereka mbewu popanda kukuuza polima."

Sadanene kuti adabweretsa kabokosi ndani. Sakhwi ankadziwa.

Pamsika wachitatu adampeza Ngaka atadzipinda kale. Malonda ake ankangoloza ndi nsonga ya mchira. Amayi a tomato adayambitsa nyimbo ija, koma pampu sinkatsokomolanso, inkangolira, ndipo nyimbo yopanda povomereza idafa yokha.

"Ndakudziwa, Sakhwi," adatero mawu ochokera m'kati mwa mamba. "Lankhula zopusa zako mpaka dzuwa lilowe. Lero sindikonza kanthu."

"Sindidabwere kudzafunsa, asuweni. Kabokosi kathu kali bwino tsopano, mudakakonza nokha. Ndiye vuto latsala m'pampu. Ndikuona ngati mkono sukuyenda mowongoka. Ndabwera kudzabwereka mwala wanu wosulira."

"Ukufuna kutani?"

"Kuiwongola."

Sakhwi adagoneka pampu pamwala, adatenga nyundo yaikulu ya Ngaka imene ankaikweza movutika, adayeza pakati penipeni pa thupi la pampu, n'kuikweza m'mwamba. Iye mwini sankadziwa kuti mambawo akakhala chete achita chiyani, chifukwa pampu ina mudzi udalibe. Adawerenga mumtima mpaka katatu.

Dzanja la zikhadabo zazitali lidagwira mpini wa nyundo.

"Tsitsa," adatero Ngaka, ndipo ulendo uno adalankhula motsitsa mawu kuti amayi a tomato asamve. "Ukaimenya isweka. N'chitsulo chothira m'chikombole, sichipindika."

"Ndiye nditani?"

Ngaka adayang'ana uku ndi uku. "Ndi yokhota. Osati yako yokha. Onse. Chikombole changa chidapendekeka tsiku limene ndidachiumba, ndipo pamene ndinkazindikira n'kuti mapampu atadzaza dambo la Bwana Mvuu. M'kabokosi muja muli kampheto, kachidutswa ka khasu lakutha, kamene kamakankhira mkono kumanzere ngati kukula kwa chala chimodzi. Chinsinsi chonse n'chimenecho. Khasu lakutha."

"N'chifukwa chake misomali yonse ija?"

"Ukanena, ine ntchito yatha. Ziwiri zija ndidanena pagulu, jambulani. Ichi ndakuuza ngati mwana wa azakhali anga."

Sakhwi adakankha wilibala osaimba. Ankatha kuika kampheto mwakachetechete, madzi n'kukwera. Koma ku Poyera chinthu chosajambulidwa pathanthwe sichinkaikidwa pagudumu, ndipo iye adali ataswa kale mwambowo kamodzi. Ankathanso kujambula, n'kuvula msuweni wake pagulu.

Atafika Mai Katumbu adamufunsa kuti wabwera ndi chiyani.

"Ndabwera ndi pampu, mayi."

"Wanena kanthu?"

"Pagulu sadanene kanthu."

Mai Katumbu adamuyang'ana, adamva chimene sichidanenedwe, ndipo sadafunsenso.

Sakhwi adagoneka pampu pamaso pa a Mfuko. "Agogo, masiku onsewa takhala tikusisita kabokosi. Pampuyi simudaigwirepo. Taigwirani."

"Ndiyang'ane chiyani?"

"Sindingakuuzeni."

A Mfuko adachotsa mkono, adalowetsa dzanja m'kati mwa pampu, adayendetsa zala kuchoka pansi kufika pamwamba, kawiri.

"Iyi ndi yokhota," adatero. "Kumanzere. Chala chimodzi."

"Mwanena ndinu."

"Ndanena ndine, nanga ndani? Aliyense wa zala angamve. Tidangoiopa chifukwa ndi yachitsulo." Adasisitanso mkono uja. "Wina angaike kampheto, koma kampheto kamadya mkono. Ine ndingamasule polumikiza. M'malo mwa msomali, timange ndi mkombero wa chikopa, mkono uziyenda momasuka, uzidzipezera wokha njira. Ikhale yokhota, ikhale yowongoka, zonse n'chimodzimodzi."

Adamanga mkomberowo tsiku lomwelo. Mai Katumbu adatsegula madzi, gudumu lidazungulira, ndipo pampu idakoka popanda kutsokomola kapena kulira. Madzi adafika kunazale dzuwa likadali pamwamba. Bedi lachitatu lidali litapsa mbali imodzi, lachinayi lidali lamoyo lonse. Sudali mpunga wodyera chaka chimenecho, koma idali mbewu.

Patapita masiku asanu Ngaka adaoloka mtsinje, chinthu chimene sadachitepo chibadwire. Adalunjika pathanthwe kukaona manyazi ake. Adapeza mano asanu ndi awiri, dzina lake pansi. Adapeza malo osalala a mano atatu, dzina lake pansi. Za khasu lakutha padalibe. Padali mkombero wa chikopa, dzina la a Mfuko, ndi mawu akuti mkomberowu ndi wa pampu iliyonse imene mkono wake sukuyenda mowongoka.

Adapita kumtsinje, adaika khutu papampu, adamvetsera nthawi yaitali.

"Sikutentha," adatero.

"Sitentha," adayankha Sakhwi.

"A ku esiteti mikono imatha chaka chisanathe. Kampheto kamaidya. Bwana Mvuu wayamba kufunsa mafunso." Ngaka adakanda pansi ndi chikhadabo. "Mkomberowu mungandigulitse?"

"Sitigulitsa," adatero Mai Katumbu. "Tengerani. Ikani pa mapampu onse a dambo lija ngati mufuna."

"Basi?"

"Basi. Koma mukasinthako kanthu, mudzajambule apa."

"Ndikapanda kubwera?"

"Palibe adzakutsatani ndi chibonga. Kungoti chaka chamawa tidzamasulanso gudumu, ndipo chimene tidzapeze chidzakhala pathanthwe pomwepa. Wobwera adzachiona."

Ngaka adadzipinda pomwepo, pakati pa bwalo. Anthu adamusiya, aliyense adapita ku ntchito yake. Sakhwi yekha adakhala pambali pake, adatola khala n'kuliika pansi, pafupi ndi mamba. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Patapita nthawi dzanja lidatuluka, lidafufuza pansi, lidapeza khala lija.

"Chikopa cha ng'ombe chimauma," adatero Ngaka, mutu ukadali m'kati. "Pakatha miyezi iwiri mkombero wanuwu udzalimba. Pamafunika kabowo kothirira mafuta, apa."

Adatulutsa mutu, adayang'ana pathanthwe pofuna malo ojambulapo. Thanthwe lidali lodzaza. Malo okhawo opanda kanthu adali m'kati mwa kabokosi kaja, ka mbali zinayi ndi chivindikiro, kamene Sakhwi adajambula chaka chathacho anthu akuseka.

"Muno muli malo," adatero Sakhwi.

"Ndaona. Usandiphunzitse, kamphuno iwe."

Ndipo adajambula m'menemo.

Sindinena kuti Ngaka adasintha mtima, chifukwa mabokosi a ku esiteti adapitiriza kuwakhoma misomali, ndipo mpaka lero mukamufunsa funso amadzipinda. Koma akuti mvula ikatha, a ku Poyera akamamasula gudumu, pamakhala mlendo wa mamba amene amati wangodutsa, n'kukhala masiku awiri akutsutsa aliyense. Nthano yanga yauma pamenepa ngati bedi loyamba lija. Amene mwatolapo mbewu, kafeseni kwanu.